Ndaona ndi Nyumba ya ku Mpondasi

Ndaona anatsika basi pa depoti ya Mangochi dzuwa lili paliwombo, mpukutu wa mapulani uli kukhwapa, laputopu ili kumsana. Akabaza anamuunjirira ngati ntchentche zaona usipa wauwisi.

"Asisi, kumsika? Asisi, kutsidya? Kwerani iyi, mpando wake ndi wa siponji!"

Iye anangowadutsa. Maso ake anali atapeza kale njinga yamoto yofiira pansi pa mtengo wa mango, ndi mwini wake amene anaitsamira akumwetulira. Anali Shafi.

Tinene mosabisa, Mangochi yabala anyamata ambiri, koma Shafi anali nkhani ina. Anapita ku Joni ndevu zisanamere, atanyamula kajumbo kamodzi, nakhala kumeneko zaka zisanu ndi zinayi akuyala matailosi m'nyumba za anthu olemera. Amene anapondako ku Durban akuzidziwa nyumba zimene tikunenazi, zija munthu umavula nsapato asanakuuze. Atabwerako sanachite za anzake zogula wailesi yaikulu n'kumasokosera nayo tauni. Iye anali ndi nyumba ku Mpondasi, ya malata obiriwira, mawindo ngati a hotela. Kunja inali itatha. M'kati munali mphanga chabe, makoma ogawa zipinda anali asanaimikidwe.

M'kati m'menemo ndi mmene Ndaona anaikamo mtima wake wonse. Anali mwana wa a Simioni, msodzi komanso mkulu wa mpingo wa Anglican kutsidya kwa nyanja, njira ya ku Makanjira. Ku yunivesite anali m'chaka chomaliza, akuphunzira kamangidwe ka m'kati mwa nyumba: khoma liime pati, mphepo ilowere kuti, munthu akadzuka aponde pati. Kuti amalize, aliyense ankayenera kupeza nyumba yeniyeni ya anthu enieni n'kuijambulira zonse. Anzake anathamangira maofesi ndi malo odyera a mu Blantyre. Iye anasankha nyumba ya mnyamata amene anakangana naye zaka ziwiri zapitazo m'sitolo ya zomangira, atamuuza kuti matailosi amene wasankhawo ndi oterera ndipo adzathyola munthu msana. Mkanganowo sunathe mpaka anapatsana manambala.

"Ainjiniya afika," anatero Shafi akumulandira chikwama. "Wadya?"

"Ndidya ndikapambana. Amayi ako wawauza?"

"Ndawauza kuti kukubwera katswiri wa ku yunivesite."

"Katswiri basi?"

Shafi anakanda m'mutu. "Zinazo akudziwa. Ku Mpondasi nkhani sikwera kabaza, imauluka. Koma undimvere, Nda. Mayi anga si munthu womugwira ndi mawu okoma. Akaikonda nyumba m'mene waijambuliramo, akondanso dzanja lojambula. Zikatero ine ndiyamba za ankhoswe."

"Nanga akapanda kuikonda?"

"Kwera. Sangalephere."

* * *

Anapeza Abiti Jaffalie, mayi ake a Shafi, atakhala pa mkeka m'nyumba yatsopanoyo, pakati pa matumba a simenti. Anali mayi wochepa thupi, wa mpango wakuda, wa maso osaphethira wamba. Pambali pawo panakhala Farida, msuweni wa Shafi, mwana wa amalume ake, amjomba Che Sefu. Farida anali wokongola, ndipo ankadziwa. Zoti ankamufuna Shafi, ngakhale mbuzi za ku Mpondasi zinkadziwa.

Ndaona anagwada, napereka moni.

"Tili bwino, kaya inu a kusukulu," anayankha mayiwo.

Anatambasula mapepala, natsindira m'makona ndi zidutswa za njerwa. Abale, anali mapulani! Mungayende Lilongwe yense, mudutse Dar es Salaam, mukafike ku Dubai kumene nyumba zimakanda mitambo, ntchito yoyera chonchija simungaipeze pa mwana wa sukulu. Ndaona anayamba kufotokoza. Pabalaza ndi khitchini zikhala chipinda chimodzi chachikulu chopanda khoma pakati, kuti mphepo idutse yonse. Apa pakhala mipando. Apa zipinda zogona. Apa bafa.

Shafi ankangogwedeza mutu ngati wajambula ndi iye.

Farida anaweramira pa pepalapo. "Kamuvi aka n'kachiyani, asisi?"

"Kamaloza kumpoto. Pulani iliyonse imakhala nako."

"Oo, ndiye kumpoto ndi uku." Chala chake chopaka utoto wa hina chinayenda pang'onopang'ono pa mizere, n'kuima. "Nanga ichi?"

"Chimbudzi cha madzi. Ndachiika apo chifukwa mapaipi afupika, komanso..."

"Munthu akakhalapo ayang'ana kuti?"

Ndaona anayang'ana kamuvi kaja. "Kumpoto."

Shafi anatseka maso.

"Azakhali, mwamva?" anatero Farida mokoma ngati uchi. "M'nyumba mwanu muzidzithandiza mutayang'ana ku Chibula."

Chibula ndi mbali ya ku Maka, kumene Msilamu aliyense amayang'ana poswali, ndipo munthu ukaima pa Mangochi mbaliyo ndi kumpoto. Mwana wa ku madrasa amene mano sanaguluke amadziwa kuti chimbudzi sichiyang'ana uko, sichifulatiranso uko. Ndaona, mwana wokulira mu kwaya, amene anakhoza mayeso onse a mapaipi ndi a kayendedwe ka mphepo, anali asanamvepo.

"Zaka zinayi ku yunivesite," Farida anapukusa mutu. "Ine ndinkayesa amakaphunzira kupachika makatani, ndiye ngakhale makataniwo tiyambe taona."

Abiti Jaffalie sanaseke. Anayang'anitsitsa pepala lija, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Chipinda chachikulu ichi. Tsiku la sadaka ya malemu bambo ake a Shafi, amuna akadzadzaza muno ndi ashehe, ine ndi amayi anzanga tizidzaphika iwo akutiyang'ana kumsana?"

Mayiwo anafunsanso.

"Munabwera liti kudzayeza?"

"Mwezi wa Meyi, amayi."

"Ine ndinali kuti?"

"Munali ku maliro ku Makanjira."

"Ndiye munayeza makoma eni ake kulibe." Mayiwo anadzuka movutikira, atagwira bondo. "Shafi, alendowa uwapatse tiyi asanapite."

* * *

Tiyiyo Ndaona sanamwe. Shafi anamupeza pa msewu akuyenda ngati wathawa moto.

"Nda, dikira!"

"Bwanji sunandiuze?"

"Iwe unkanditumizira zithunzi za mipando pa foni. Kumpoto ndikanakuona bwanji pa foni?"

"Nanga pamene Farida amandisenda ngati chinangwa, pakamwa pako panali simenti?"

"Pamaso pa mayi anga ndikanati chiyani? Kuti wanama? Sananame." Shafi anapuma. "Ndipo amene anati tikayeze amayi atachoka ndani? Ine?"

Ndaona anaima. Anali iye. Mwezi wa Meyi uja ankawaopa mayiwo kuposa ng'ona za mu Shire, ndipo atamva kuti apita ku maliro anathamanga ndi tepi yake, nayeza nyumba yonse tsiku limodzi, nabwerera ku Blantyre ali mtima phee.

"Si nkhani yaikulu," anatero Shafi mofatsa. "Tembenuza chimbudzicho, uike khoma. Pa kompyuta si ola limodzi?"

"Chimbudzi ndingatembenuze. Koma wamva m'mene amanditchulira? 'Inu a kusukulu.' 'Alendowa.' Zimenezo sizitembenuka pa kompyuta."

Masana omwewo, ali kwa azakhali ake m'tauni kumene ankagona, foni inalira. Anali Tiyanjana, mnzake wa chipinda chimodzi ku yunivesite.

"Zayenda? Apongozi akomoka ndi chimwemwe?"

"Wakomoka ndine," analemba Ndaona, namufotokozera zonse.

"Mayo ine! Koma paja aphunzitsi athu a Jenkins ankati chiyani chaka choyamba?"

"Usandikumbutse."

"Ndikukumbutsa. Masiku atatu pakhomo pa eni nyumba usanagwire pensulo. Uone podyera, pogonera, pokanganirana. Iwe unakhala masiku angati?"

"Maola anayi. Ndi Shafi."

"Hahaha! Ndiye unkayeza nyumba kapena mwini wake? Tamvera, bwerera kuno. Amalume anga ali ndi nyumba ku Chilomoni, asaina chilichonse. Amuna sasowa, mnzanga, imasowa ndi digiri."

Ndaona anawerenga uthengawo. Kenako analemba mawu atatu.

"Ndikufuna zonse ziwiri."

* * *

M'mawa mwake anafika ku Mpondasi mame asanakamuke. Laputopu anaisiya. Anavala chitenje, naika kope laling'ono m'thumba. Abiti Jaffalie ankakhalabe m'nyumba yawo yakale, kuseri kwa msewu, ndipo anawapeza akusesa pabwalo.

"Odi, amayi."

"Mwaiwala chiyani?"

Ndaona anagwada pa mchenga. "Ndabwera kudzapepesa. Ndabweranso kudzapempha."

"Kupempha chiyani?"

"Masiku atatu. Ndizibwera m'mawa, ndizichoka dzuwa likapendeka. Sindijambula kanthu. Ndizingoona m'mene mumakhalira."

"Tasanduka njovu za ku Liwonde kuti muzibwera kudzationera?"

"Ayi amayi. Ntchito iliyonse ya pakhomo ndigwira. Kusukulu anatiuza kuti tizitero tisanajambule. Ine ndinadumpha chifukwa ndinkakuopani. Kulakwa n'kwanga, si kwa sukulu."

Mayiwo anatsamira tsache, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Analowa m'nyumba, natuluka ndi lichero lodzaza mpunga.

"Kusukulu kwanuko anakuphunzitsani kupeta?"

"Kumeneko ayi. Anandiphunzitsa mayi anga."

"Tione."

Anapeta. Ndipo akupeta anayamba kuona zimene tepi singayeze. Anaona kuti alendo aamuna amaima kutsogolo n'kuitana, pomwe amayi amazungulira okha kuseri osagogoda. Anaona kuti nsapato zimatsala pakhomo mulu, ndipo aliyense wotuluka amazipunthwa. Anaona kuti mayiwo asanaswali amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, kasanu pa tsiku, ataimira mwendo umodzi pa mwala woterera, ketulo ya pulasitiki ili m'dzanja, nkhope itakwinyika ndi ululu wa bondo. Zonsezi ankalemba m'kope muja akapeza mpata.

Tsiku lachiwiri Farida anafika atavala diresi ya buluu yowala ngati galasi, napeza Ndaona atawerama pa beseni.

"Ee, digiri ikutsuka mbale lero!"

"Ikutsuka, ndipo zikuyera. Ngati kwanu zilipo zakuda, bweretsa."

Farida anaseka chakumphuno, nakhala pa mpando, nayamba kuseweretsa foni. "Usavutike kwambiri, asisi. Pakhomo pano antchito sitilemba. Azakhali, Lamulungu sindibwera. Shafi akunditenga ku Nkopola."

Ndaona anatsuka mbale imodzi katatu. Atapita kukataya madzi kuseri, anatulutsa foni.

"Ku Nkopola Lamulungu?"

Yankho linabwera msanga. "Amjomba andituma ndikamusiye ku ukwati wa mnzake. Kungomusiya basi."

"Kulibe minibasi ya ku Nkopola?"

"Nda, ndi msuweni wanga."

"Njinga yako ili ndi mpando umodzi wakumbuyo. Uganize bwino wokhalapo."

"Nsanje imakukhala. Amayi akuti umapeta bwino."

"Anena choncho?"

"Anati, 'Mtsikana uja satayira mpunga pansi.' Kwa mayi anga imeneyo ndi mendulo."

Tsiku lachitatu mayiwo anayamba kuyankhula okha. Anali awiri pakhonde la kuseri, akusadzula nkhwani. Ananena kuti chaka chatha anagwa pa mwala uja, nagona masabata awiri. Ananena kuti pophika amafuna kuona msewu, kuti adziwe ngati awonjezere mpunga mlendo asanafike. Ananena za bokosi lamatabwa la malemu amuna awo, kuti silingagone m'sitolo ngati chimanga. Kenako, osakweza maso, anafunsa.

"Bambo anu akudziwa kuti muli pano?"

"Akudziwa kuti ndili pa ntchito ya sukulu. Zinazo ndidzawauza ndekha, maso ndi maso."

"Adzakondwa?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Ankafuna ndikhale namwino. Nditawauza kuti ndikufuna za nyumba, anakhala miyezi iwiri osandiyankhula. Lero tchalitchi chonse chinatopa nawo. Aliyense amene wamanga ngakhale khola la nkhuku amamuuza kuti, 'Mukanafunsa mwana wanga.'"

Pakamwa pa Abiti Jaffalie panagwedera pang'ono. Kuseka sanaseke, koma ankachita kukubweza.

* * *

Lachisanu m'mawa Ndaona anaitana mayiwo ku nyumba yatsopano. Sanabweretse pepala lililonse lojambula. Anabweretsa choko, tepi, ndi Shafi woti agwire kumapeto kwa tepiyo. Farida anabwera yekha osaitanidwa, naima pakhomo atapinda manja.

"Amayi, ndinapempha mutenge mkeka wanu woswalira. Muuyale pamene mtima wanu wafuna."

Mayiwo anayendayenda m'mphanga muja, naima pafupi ndi zenera la kum'mawa, nayala mkekawo moyang'ana kumpoto. Ndaona anagwada, nalemba mzere wa choko m'mbali mwake.

"Mzere woyamba wa nyumba ndi uwu. Ina yonse ichokera apa."

Ndiye munthu akanaona! Choko chinayenda pa simenti ngati chili ndi maso. Shafi, amene anagwirapo ntchito ndi akatswiri a ku Joni ovala zipewa zoyera, ankangothamanga uku ndi uku ndi tepi, thukuta lili kamukamu, akufuula manambala. Pasanathe maola awiri nyumba yonse inagona pansi, yaikulu ngati m'mene idzakhalire, yoti munthu n'kuyendamo.

"Lowani, amayi. Khomo ndi ili."

Abiti Jaffalie analowera pa khomo lolembedwa ndi choko lija mosamala ngati pali chitseko chenicheni. Ndaona ankayenda pambali pawo.

"Apa ndi pa nsapato, mashelefu atatu, kuti pasapunthwe munthu. Ili ndi balaza la amuna. Ili ndi khoma, lofika mpaka kudenga. Amayi alowera kuseri, khomo lawolawo, afika m'chipinda ichi chogundana ndi khitchini. Zenera la khitchini ndi ili. Taimani apa. Mukuona chiyani?"

"Msewu," anatero mayiwo. "Mpaka pa chigayo."

"Bokosi la bambo likhala apa, m'chipinda mwanu, pa kansanja kake kuti chinyezi chisalipeze. Chimbudzi chayang'ana kumadzulo. Ndayeza katatu, koma ashehe abwere adzaone okha."

Pomaliza anawatengera pa kona ina pamene anaunjika njerwa zinayi.

"Apa ndi posambira musanaswali. Simudzaimanso mwendo umodzi. Padzakhala pokhala pa simenti, mpopi uli kutsogolo kwanu, pansi pokhakhala. Takhalani tiyese."

Mayiwo anakhala, natambasula mwendo. "Patsika."

Ndaona anawonjezera njerwa imodzi. Anakhalanso, nadzuka osagwira bondo. Anakhalanso kachiwiri, nadzukanso, ngati mwana woyesa nsapato zatsopano.

"Iwe mwanangu," anatero, "zimenezi anakuphunzitsa ku yunivesite?"

"Kuyeza anandiphunzitsa kumeneko. Bondo mwandiphunzitsa ndinu."

Apa pokha Abiti Jaffalie anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira pakamwa ndi mpango. Shafi anayang'ana Ndaona maso ali gwa, ngati akufuna amunyamule. Mzikiti unaitana. Anasiya tepi, nasasa fumbi pa malaya.

"Ndikubwera pompano. Musachoke!"

* * *

Ndaona anadikira kuti phokoso la njinga lizimiririke, kenako anatulutsa pepala limodzi m'chikwama. Mtima unali myaa.

"Amayi, chatsala ndi ichi chokha. Kusukulu amafuna kuti mwini malo asaine, kutsimikiza kuti nyumbayi ilipodi ndipo wavomera ntchito yanga. Likufunika Lachitatu. Popanda ili salandira mapulani."

Anawapatsa cholembera. Mayiwo sanachilandire. Chimwemwe chija chinachoka pa nkhope pawo ngati madzi olowa mumchenga.

"Sindingasaine, mwanangu. Malo ano si anga."

"Ndiye asaine Shafi akabwera."

"Si akenso."

Farida anachoka pakhomo paja, nayenda pang'onopang'ono, akuponda mizere ya choko mwadala.

"Malo ano ndi a mayi anga," anatero. "Anawasiyira amayi awo. Ndipo mayi anga anandipatsa ine."

Ndaona anatembenukira kwa Abiti Jaffalie. Mayiwo ankayang'ana pansi.

"Shafi ali ku Joni analembera mchimwene wanga kuti amuyambire nyumba," anatero. "Sananene pomanga. Anangoti, 'Amjomba, muone ndinu.' Che Sefu anakumba maziko pano, pa malo a akazi awo. Anthu onse a ku Mpondasi anaona, ndipo palibe anafunsa, poti aliyense anamva tanthauzo lake. Inenso sindinakane. Nthawi imeneyo iwe ndinali ndisanakudziwe."

Sanafunike kuwonjezera. Kwawo kwa Ndaona mwambo unali womwewo. Mwamuna amamanga kwawo kwa mkazi. Mnyamata akaimika nyumba pa dothi la mayi a mtsikana, ndiye kuti wanena kale zonse, ngakhale pakamwa sanatsegule.

"Bweretsa, asisi," anatero Farida atatambasula dzanja. "Ndisaina ine. Ndisakunamize, wagwira ntchito. Khitchini ija ndaikonda. M'chipinda chachikulu chogona mokha undiwonjezere malo a galasi, zovala zanga n'zambiri."

Ndaona anayang'ana dzanja la hina lija. Kusaina kumodzi, zaka zinayi zatheka, gauni wavala, a Simioni adzaimitsa tchalitchi ndi kunyada. Anatenga chotsekera cholembera, nachitseka, nachiika m'thumba.

Njinga inalira panja. Shafi analowa akuvula kofia, akumwetulira. Kumwetulirako kunafera panjira.

"Kwagwanji?"

"Malo ano ndi a ndani, Shafi?"

Shafi anayang'ana mayi ake, nayang'ana Farida, nayang'ana choko.

"Nda, tiye panja tikakambe."

"Ndafunsa muno. Unkadziwa?"

"Ndinadziwa nditabwerako. Malata anali atakhomedwa kale. Ndikanatani, ndikanaisenza nyumba pamutu? Ine sindinalonjeze munthu ukwati. Ndinkati ikatha ndikakhale pansi ndi amjomba..."

"Ikatha. Ine nditaikonza bwinobwino, ndi malo a galasi omwe."

"Si choncho!"

"Tamvera." Mawu a Ndaona sanakwere, koma anamveka mpaka kudenga. "Pepala ili likapita lopanda dzina, chaka changa chapita. Likapita ndi dzina la uyu, ndakhoza, koma ndavomera ndi dzanja langa kuti ndimajambulira mkazi wako. Chaka ndikhoza kubwereza. Zinazo sindichita. Upite kwa amjomba ako lero lomwe, ukanene ndi pakamwa pako zimene wakhala ukundilembera pa foni."

Farida anaseka, akukonza mpango wake.

"Asavutike n'kupita. Ababa akubwera konkuno pochokera ku mzikiti, ndipo sakubwera okha. Atenga ashehe ndi akuluakulu awiri, adzaone nyumba, asankhe tsiku la ukwati. Shafi, sanakuuze? Paja iwe umathawa swala ikangotha."

Panja panamveka galimoto ikuima, zitseko zikumenyetsedwa, mawu a amuna akuseka. Shafi anauma ngati mtengo. Abiti Jaffalie anabwerera pa mkeka pang'onopang'ono, nakhala, naloza ndi chibwano ku khomo la kuseri.

"Mwanangu, tulukira uko. Zimene zikubwerazi si zoti uzimve."

Ndaona anayang'ana khomo lija. Njira yopita pamenepo anaijambula yekha, yotakata bwino, yoti mayi wosenza dengu adutse osapendeka. Anamanganso chitenje chake mwamphamvu, nadutsa pakati pa Shafi ndi Farida, nakagwada m'mphepete mwa mkeka.

"Pepani amayi. Lero mundikhululukire. Sindituluka."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso aja osaphethira. Kenako anakoka nsalu yawo, nasendera pang'ono, namusiyira malo.

"Odi muno!" anaitana Che Sefu ali pakhomo.